Kompyuta Imene Inameza Nyimbo za Esinala

Panali munthu wina pa Ngabu, kuchigwa kuja kumene dzuwa la Okutobala limaotcha ndi mthunzi womwe. Dzina lake anali Zuze. Anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo, kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale, kofolera malata, kopanda siling'i. M'makoma anamatamo matileyi a mazira ndi zidutswa za matiresi kuti phokoso la pamsewu lisalowe. Phokoso silinkalowadi. Mphepo nayo sinkalowa.

M'kachipindamo munali maikolofoni imodzi yabwino, kiyibodi yoimbira, ndi kompyuta ya bokosi lakuda imene inkakhala pansi pa tebulo. Makwaya a mipingo yozungulira ankabwera kudzajambulitsa nyimbo zawo kumeneko. Zuze anali ndi khutu. Munthu mmodzi akaphonya pakati pa oimba makumi awiri, iye ankamuloza ndi chala osatembenuka n'komwe. Anthu ankamulemekeza chifukwa cha khutulo, ndipo ankamuopa chifukwa cha pakamwa pake.

Zuze anali ndi mkulu wake, Alufandika, amene ankakonza mawailesi pamsika kuyambira kalekale. Makompyuta atafika, anaphunzira kukonzanso amenewo. Anali munthu wochedwa. Ukamupatsa chinthu chakufa, ankayamba wachiyang'ana nthawi yaitali, kuchinunkhiza, kuikapo dzanja, kenako n'kufunsa kuti chinayamba liti. Zuze ankanena kuti achimwene ake adzakalamba akumasula sikuluu imodzi.

Tsono inu ophunzira anga mukudziwa kuti mkati mwa kompyuta muli purosesa, kachitsulo kochepa kuposa bokosi la machesi, kamene kamasenza ntchito yonse yoganiza. Kachitsuloka kamadya magetsi, koma pang'ono zedi. Mphamvu ya magetsiwo timaitcha voteji, ndipo muyeso wake umaikidwa m'bayosi, tsamba lija limatseguka kompyuta ikangoyaka. Voteji ikachepa kwambiri, purosesa imakomoka. Ikachuluka, purosesa imatentha, ndipo ikatentha imasokonezeka n'kuzima. Kwa munthu woonera kunja, imfa ziwirizi n'zofanana. Sikirini imauma, kapena imasanduka yabuluu, ndipo ntchito imene unali nayo m'manja imatayika.

Chaka china, m'mwezi wa Juni, Zuze anaona pafoni munthu wina akuphunzitsa kuthamangitsa purosesa kupitirira liwiro limene inabadwa nalo. Zuze ankadana ndi kudikira. Akamaliza kusakaniza nyimbo, kompyuta inkatenga nthawi kuti iitulutse, ndipo iye ankangozungulira m'kachipindamo akuguguda tebulo. Choncho anatsegula bayosi, n'kukweza liwiro, n'kukwezanso voteji monga munthu uja ananenera. Zinatheka. Kunja kunali kozizira, ndipo kompyuta inathamanga ngati yatsopano. Zuze anauza aliyense wolowa kuti tsopano makina ake akuposa a m'tauni.

Ogasiti anabwera ndi fumbi. Seputembala anabwera ndi kutentha. Tsiku lina masana, kwaya ili pakati pa nyimbo, sikirini inasanduka yabuluu. Zuze anatukwana magetsi, n'kuyatsanso. Patapita masiku atatu zinachitikanso. Anati ndi mavairasi, anafufuta zonse n'kuikamo mwatsopano. Zinachitikanso.

Apo anakumbukira kuti munthu wa pafoni uja ananena kuti ikamazima, muonjezere voteji pang'ono. Sanakumbukire kuti munthuyo ankalankhulira m'chipinda chozizira, atavala juzi. Anaonjezera. M'mawa mwake kompyuta inagwira bwino, chifukwa m'mawa kunali kusanatenthe, ndipo Zuze anati mankhwala wawapeza. Itazimanso masana ena, anaonjezeranso. Mumtima mwake nkhani inali yachidule: ng'ombe ikagwa pagoli, ndiye kuti ili ndi njala.

Tsiku lina Alufandika anadutsa pa situdiyopo akuchokera kumsika. Anamva fani ya m'bokosi ikulira ngati chigayo. Anawerama, n'kuika dzanja pa bokosilo, n'kulichotsa msanga.

"Mphwanga, chinthuchi chikupsa."

"Chikugwira ntchito," anatero Zuze. "Aulesi okha ndiwo satuluka thukuta."

"Wachipatsa magetsi ochuluka. Tiye tibweze liwiro pamene linali, voteji tiitsitse pang'ono."

"Chinthu chikukomoka, inu mukuti tichimane chakudya? Achimwene, iyi si wailesi."

Alufandika anaima kanthawi akuyang'ana bokosilo. Kenako anatenga njinga yake n'kumapita.

Zuze anali ndi mkazi, dzina lake Esinala. Iyeyu ndi amene ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo. Pamaliro akayambitsa nyimbo, ngakhale amuna okumba manda ankaimika makasu. Kupatula nyimbo za m'buku, anali ndi zakezake zisanu ndi ziwiri, zimene anapeka yekha akulima thonje ndi kuchapa kumtsinje. Zimenezi sankaziimba pagulu. Ankaziimba pakhomo, motsitsa, ndipo palibe amene ankazidziwa zonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Zaka khumi ndi chimodzi anakhala pabanja ndi mwini situdiyo, koma mawu ake sanajambulidwepo. Akapempha, Zuze ankati anthu achepe kaye. Anthu akachepa, ankati watopa. Esinala anasiya kupempha.

Chaka chomwecho cha kuzima kwa kompyuta, kuyambira nyengo ya Pasaka, mawu a Esinala anayamba kusasa. Anati ndi chimfine. Chimfinecho sichinathe. Anayamba kuvutika kumeza, ndipo pakhosi panatuluka chotupa cholimba ngati nthudza. Anapita kuchipatala cha pafupi, anamutumiza kwina, kwinako anamutumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Kumeneko madokotala anamuuza zoona. Anati chotupacho chagwira pamene pamatuluka mawu, ndipo kuti moyo upulumuke ayenera kuchotsa zonse. Anati adzakhala ndi moyo, koma kuimba ayi, mwinanso kulankhula komwe. Anamupatsa tsiku, Lolemba lina kumapeto kwa Okutobala.

Banjali linali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zitatu, dzina lake Ndaziona. Atabwerako kumzinda, Esinala anakhala pakhonde mwanayo atagona pamiyendo pake, n'kulankhula ndi mwamuna wake monong'ona.

"Bambo a Ndaziona, mundijambule ndisanapite. Nyimbo zanga zija. Mwanayu akadzakula adzadziwe kuti amayi ake anali ndi mawu."

Zuze sanathe kumuyang'ana kumaso. Anati Loweruka.

Masiku amenewo mawu a Esinala ankabwera ndi kupita. Akalankhula m'mawa, pofika masana ankatsala ndi mpweya wokha. Koma anazindikira kuti akakhala chete nthawi yaitali, mawuwo ankasonkhana pang'ono, ngati madzi pachitsime cha mchenga. Choncho kuyambira Lachitatu anatseka pakamwa. Ankaloza ndi chala, kuomba m'manja poitana mwana, kumwa madzi ofunda a uchi. Anzake a kwaya atabwera kudzamuona, anangowagwira manja. Masiku atatu athunthu sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe.

Loweruka m'mamawa Alufandika anafika pa situdiyo. Anali atamva kuti alamu ake, Esinala, ajambulidwa tsikulo. M'thumba anali ndi kaburashi, sikuludiraiva, ndi mafuta oyera aja timapaka pamsana pa purosesa kuti kutentha kuzituluka.

"Ndipatse ola limodzi," anatero. "Ndichotse fumbi, nditsitse voteji. Ikatha ntchito ya lero, udzabweze mmene ukufunira."

"Lero si tsiku loyesera zinthu."

"N'chifukwa chake ndabwera."

Panja panali pataima kale kwaya ina imene inachokera ku Miseu Folo, ndipo oimbawo ankamva zonse. Zuze anachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka mkwiyo.

"Achimwene, ntchito yanga ndimaidziwa."

"Chabwino. Koma tenga foni yangayi, uiike patebulo alamu akamaimba. Ijambule nayonso pambali."

"Mkazi wanga ajambulidwe pafoni ngati woledzera wa pamsika? Situdiyo ndili nayo ine."

Alufandika anabweza foni m'thumba. Anapereka moni kwa oimba aja mmodzimmodzi, n'kuchoka.

Zuze akanatha kuuza kwaya ija kuti ibwere tsiku lina, n'kujambula mkazi wake kukadali kozizira. Koma anthuwo anali atayenda mtunda, ndipo iye sankafuna kuti kumveke kuti kwa Zuze amabweza anthu. Anawalowetsa. M'mawa wonse unapita ndi iwo. Kompyuta inagwira mpaka dzuwa litafika pamutu, kenako inazima kamodzi nyimbo yomaliza itangotha.

Oimba atapita, Zuze anatsala yekha, ndipo mantha anamugwira. Anaganiza za mkazi wake, ndi za masiku atatu a chete aja. Anayatsa kompyuta, n'kutsegula bayosi. Nambala ya voteji inali pamaso pake, yofiira, chifukwa makinawo ankamuchenjeza. Anaika chala pa batani lotsitsira. Mawu a mkulu wake anali akadali m'khutu. Koma anaona kuti kutsitsa n'kuvomera kuti miyezi yonseyi ankalakwitsa, ndiponso mumtima mwake sankakhulupirira kuti chinthu chofooka chingalimbe pochichotsera. Anasuntha chala, n'kudina batani lokwezera kawiri.

"Lero lokha usandichititse manyazi," anauza bokosilo.

Esinala anafika nthawi ya 2 koloko masana, atasiya mwana kwa oyandikana nawo. Anavala zovala zake za kwaya, zoyera, zositidwa bwino, ngakhale panalibe womuona. Zuze anatseka chitseko. Anazimitsa fani ya m'chipinda chifukwa maikolofoni inkatola phokoso lake. Pamwamba malata ankathetheka.

Esinala anaima pa maikolofoni, n'kumeza movutika, n'kuyamba. Mawu anabwera. Anali ochepa kuposa akale, okanda pang'ono m'mphepete, koma anali ake.

Asanamalize mzere woyamba, Zuze anakweza dzanja.

"Kwezani pang'ono. Tiyambirenso."

Anasunga kachidutswako, n'kuyambanso. Esinala anakweza. Zuze anamudulanso.

"Apo mwalowa mochedwa. Tiyambirenso."

Anamudula kanayi. Sikuti ankachita nkhanza mwadala. Ankafuna kuti nyimbozo zituluke zopanda banga, ndipo njira imene ankaidziwa yopezera zabwino kwa woimba inali kumukankha. Kachisanu Esinala anagwira pakhosi, n'kulankhula koyamba kuchokera Lachitatu.

"Bambo a Ndaziona, mawu anga ndi ochepa. Tisawamwaze. Yatsani, musandiimitsenso."

Zuze anadina batani lojambulira, n'kupinda manja.

Esinala anatseka maso n'kuimba. Nyimbo yoyamba inali ya thonje, ya munthu amene amalima zoyera koma iye amavala zakuda. Osapuma, analowa yachiwiri, ya amayi ake amene anapita ndi madzi osefukira, mtembo osapezeka. Yachitatu inali pemphero. Yachinayi inali yoseka mwamuna amene amamva kulakwa kwa anthu makumi awiri koma samva mkazi mmodzi akuitana, ndipo Zuze anazindikira kuti akunena iye. Sanakwiye. Anali asanamvepo nyimboyo, ngakhale inapekedwa m'nyumba mwake.

Thukuta linanyowetsa zovala zoyera zija. Pansi pa tebulo fani ya m'bokosi inkalira mokweza, ndipo mpweya wotentha unkaomba miyendo ya Zuze. Anadziwa kuti akuyenera kuimitsa ndi kusunga zimene zalowa. Koma anali atauzidwa kuti asaimitsenso, ndipo kunena zoona iye mwini anali ataiwala makina. Kwa nthawi yoyamba m'kachipinda kaja ankamvetsera osafufuza cholakwa.

Yachisanu inatha. Yachisanu ndi chimodzi inatha. Esinala anapuma kamodzi, n'kuyamba yomaliza, yogonekera mwana:

Gona, Ndaziona, dzuwa lapita kwawo,
nkhuku zalowa, mbuzi zalowa,
watsala ndiwe, lowa m'tulo.

Pamzere wachiwiri mizere yoyenda pa sikirini inaima. Kenako sikirini yonse inasanduka yabuluu. Fani inalira kamodzi, n'kukhala chete.

Zuze anaona. Esinala sanaone, chifukwa maso ake anali chitsekere. Zuze sanamuimitse. Anakhala pampando manja ali pamaondo, mkazi wake akuimbira makina akufa. Esinala anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, mawu akutha pang'onopang'ono, mzere womaliza n'kutuluka ngati kunong'ona.

Anatsegula maso.

"Zalowa?"

"Dikirani," anatero Zuze.

Bokosi linali lotentha moti silinkagwirika. Linakana kuyaka mpaka patapita nthawi. Litayaka, Zuze anafufuza fayilo ya nyimbozo. Dzina lake linalipo. Ataitsegula, munalibe kanthu. Anafufuza paliponse pamene makina amabisa ntchito yosamaliza, ndipo anapeza chidutswa chimene chinkangolira ngati wailesi yosowa siteshoni. Zimene zinatsala zamoyo zinali tizidutswa tinayi toyambirira tija. Kalikonse kanali ndi theka la mzere wa Esinala, kenako mawu a Zuze omudula.

Esinala anamva tizidutswato mwamuna wake akutitsegula kamodzikamodzi. Anabwerera pa maikolofoni, n'kumukodola kuti ayatse. Anatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya. Anayesanso, n'kutsokomola, ndipo atachotsa mpango pakamwa panali magazi.

Apo m'pamene Zuze anatulutsa foni yake n'kuiika patebulo. Inajambula chifuwa chokha.

Lamulungu Esinala anakhala chete tsiku lonse, ndipo madzulo anayesa pakhonde, foni ili pafupi. Mawu sanabwere. Lolemba m'mamawa anakwera minibasi ya kumzinda.

Madokotala anagwira ntchito yawo bwino. Patapita milungu isanu Esinala anabwerera kwawo wamoyo, ali ndi kabowo pakhosi kamene ankapumira, atakaphimba ndi kansalu. Ankayenda ndi kope ndi cholembera. Ndaziona ankamukoka chitenje kuti amuimbire, ndipo iye ankangomusisita pamsana mpaka agone.

Milungu yonseyo situdiyo inali yotseka. Alufandika anatenga chosungira mafayilo cha m'kompyutamo, n'kukhala nacho masiku ambiri akuyesa njira zonse zimene ankadziwa. Anakachionetsanso kwa mnzake wa mumzinda amene ankadziwa zambiri kuposa iye. Nyimbozo sizinapezeke.

Tsiku lina Zuze anakhala pansi pafupi ndi mkazi wake, n'kumuuza zonse. Anamuuza za ola limene anamana mkulu wake, za foni imene anakana, za batani limene anadina kawiri. Anamuuzanso kuti makina anafa nyimbo yomaliza itangoyamba, ndipo iye anangokhala osanena. Esinala anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatenga kope n'kulemba.

"Ndinaimba bwino?"

"Munaimba bwino," anatero Zuze. "Sindinamvepo munthu akuimba choncho."

Esinala analembanso.

"Ndiye munamva ndinu nokha."

Anatseka kopelo n'kupita kukatunga madzi. Sanamukalipire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Zuze akanakonda kukalipiridwa.

M'mawa mwake anamangirira bokosi lakuda lija pa njinga n'kupita nalo kumsika. Analitsitsa patsogolo pa mkulu wake.

"Chitani zimene munkafuna zija. Kapena muphwasule, mutengemo zimene zingakuthandizeni."

Alufandika sananene kuti ndinakuuza. Anamasula bokosilo, n'kupukuta fumbi limene linali litagwirana ngati bulangeti. Anachotsa mafuta akale amene anali atauma ngati dothi, n'kupaka atsopano. Kenako analumikiza sikirini, n'kutsegula bayosi. Liwiro analibweza pamene linabadwira. Voteji anaibwezanso pamuyeso wa kufakitale, n'kuipatsa kompyutayo ntchito yolemetsa kuti aone. Inagwira, koma inali ikadali yofunda kuposa mmene iye ankafunira.

Anatsitsa kamodzi, n'kuyesa, n'kudikira. Anatsitsanso, n'kuyesa, n'kudikira. Zuze anakhala pa benchi akuyang'ana nambala ija ikuchepa, ndipo nthawi iliyonse ankayembekezera kuti makinawo akomoka ndi njala. Sanakomoke. Fani inayamba kutsitsa mawu. Ulendo wachinayi kompyuta inauma. Alufandika anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza malire a munda, n'kubwerera m'mwamba kamodzi.

"Apa ndi pake," anatero.

Anaisiya ikugwira ntchito yolemetsa masana onse, pansi pa malata a pamsika, kunja kukutentha ngati tsiku lija. Sinazime. Dzuwa litapendeka anagwira dzanja la mng'ono wake n'kuliika pa bokosilo. Linali lofunda pang'ono chabe.

"Basi?" anafunsa Zuze.

"Basi."

"Ndiye izichedwa bwanji?"

"Nyimbo imene inkatuluka pa mphindi khumi, izituluka pa mphindi khumi ndi ziwiri."

Zuze anayang'ana mkulu wake. Anayang'ana bokosilo. Milomo yake inayenda ngati akuwerenga, mphindi ziwiri, mphindi ziwiri. Kenako anatsika pa benchi n'kukhala pansi pafumbi, pakati pa msika, anthu akudutsa ndi madengu awo. Alufandika anapitiriza kumanga masikuluu, imodziimodzi, osamudzutsa.

Kompyuta ija sinazimenso. Inagwira ntchito zaka zambiri, Okutobala ndi Okutobala, ndipo inasunga mawu a makwaya osawerengeka popanda kutaya liwu limodzi. Esinala sanalowenso m'kachipinda kaja. Zuze anayesa kubweza nyimbo zisanu ndi ziwiri zija pa kiyibodi, mmene ankazikumbukirira. Ziwiri anazipeza, yachitatu theka. Akamuimbira mkazi wake, iye ankapukusa mutu pamene palakwika, koma analibe njira yomuonetsera pamene payenera kupita. Mawu a nyimbozo Esinala anawalemba m'kope. Maimbidwe ake anatsala mwa iye, ndipo sanatulukenso.

Tsono inu amene mwakhala pano, mawa ndikutsegulirani bayosi koyamba, ndipo aliyense adzaika chala pa mabatani awiri aja. Ndakuonani mmene mumachitira. Chinthu chikagwa pamaso panu, dzanja limathamangira lokha kukaonjezera, chifukwa kuonjezera kumaoneka ngati kuthandiza, pamene kuchepetsa kumaoneka ngati kugonja. Musanadine, ikanipo dzanja. Muyambe mwadziwa ngati chagwa ndi njala kapena chagwa ndi kutentha. Ngati chikutentha, tsitsani pang'ono, yesani, dikirani. Mukapitirira, bwererani kamodzi, pakuti kuchimana nakonso kumapha.

Si makina okha amene mudzawagwire. Mudzakhala ndi antchito, mudzakhala ndi ana, ena muli kale ndi mabanja. Nawonso akamagwa mudzafuna kukweza mawu, kukweza ntchito, kukweza chilango. Ndipo pafupi nanu padzaima munthu wochedwa, amene mumamupeputsa, akukupemphani ola limodzi. Mpatseni. Mpatseni pa tsiku wamba, makina ali opanda kanthu. Tsiku limene adzasenze chinthu chosabwerezeka silidzakuuzani kuti lafika, ndipo mukadzakonza pambuyo pake, makinawo adzachira ndithu, koma adzachira okha.